Mapulesha awili m'diso limodzi: mbili ya glaucoma kucokela ku Berlin kufika ku Chongwe

Amalume anga ni mlimi ku Chongwe, ca ku Kanakantapa. Kwa zaka zambili anali kuchova njinga m'mamawa kupeleka tomato na lepu ku msewu wa Great East, kumene azimai a m'misika ya ku Lusaka amaoda. Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, anagundana na ngolo ya ng'ombe imene inatulukila kumanzele kwawo. Sanavulale kwambili. Titawafunsa, anangoti, "Sin'naione." Ife tinaseka, tinati kapena maganizo anali pa mtengo wa fetelaiza. Koma m'miyezi yotsatila anayamba kugunda mafelemu a citseko na kuponda anapiye pabwalo. Titawapeleka kwa dokotala wa maso ku Lusaka, anatiuza kuti ni glaucoma. Diso lamanzele linali litatha kale. Lamanja linatsala na kampata kocepa pakati, monga munthu amene ayanganila mu paipi.

Pobwelela pa minibasi anakhala cete mpaka tinapitilila mphambano ya ku eyapoti. Pamenepo anatulutsa kabuku kawo ka ku kiliniki, kodzala na manambala a BP, na kunifunsa kuti, "Iwe mwana, mwezi uliwonse amanipima pulesha, ndipo mapilisi nimamwa osaphonya. Manje dokotala akuti pulesha ndiye yanionongela diso. Ni pulesha iti imeneyi?" Tsiku limenelo n'nalibe yankho. Pambuyo pake n'napeza kuti funso la amalume ni limene madokotala a maso akhala akukangana kwa zaka zoposa 160.

M'diso mumakumana mapulesha awili. Yoyamba ni ya madzi a mkati mwa diso. Madzi amenewa si misozi ayi. Amapangidwa mkati, ca kutsogolo, ndipo amatuluka kudzela mu kasefa kakang'ono kozungulila mbali yakuda ya diso. Kasefa kameneka kakayamba kutsekeka, madzi amaculuka ndipo diso limalimba monga tayala lopopa kwambili. Kwa anthu ambili pulesha imeneyi imakhala pakati pa 10 na 21 mmHg. Yaciwili ni ya magazi, ija imene nesi amapima pa mkono. Mtima umakankha magazi kupita kumbuyo kwa diso, ku retina, kansalu kopyapyala kamene kamalandila kuwala, komanso ku mtsempha woonela, cingwe ca timawaya toposa 1 miliyoni topeleka ku ubongo zonse zimene taona. Kuti magazi alowe m'diso, afunika kukhala na mphamvu yoposa ya madzi ali mkatimo. Aliyense wokulila mu komboni adziwa kuti pulesha ikatsika pa paipi yaikulu, nyumba za pamtunda ndizo zimayamba kusowa madzi. Ndipo aliyense amene anathililapo ku dimba adziwa kuti wina akaponda hosipaipi, mbewu sizimwa olo injini ilile bwanji. Mu glaucoma timawaya tija timafa pang'ono-pang'ono, kuyambila toonela m'mbali, ndipo tikafa sitimelanso. Mtundu wofala kuno kwathu subaba, ndipo diso silifiila.

Dzina lakuti glaucoma linacokela ku liwu la Agiliki, glaukos, lokamba za mtundu wotuwa wopita ku wobiliwila umene anali kuona m'maso mwa okalamba ena osaona. Lipezeka kale m'zolemba za Hippocrates, zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe. Kwa zaka mahandiledi ambili anthu sanali kusiyanitsa bwino matendawa na ng'ala. Mu 1622 Richard Banister, wocilitsa maso wa ku England, analemba kuti pali maso ena osaona amene ukawadina na cala umamva kuti ni olimba, ndipo otelowo sacila. Cala ndiye cinali cipangizo coyamba copimila pulesha ya diso.

Zinthu zinasintha mu 1851 pamene Hermann von Helmholtz wa ku Germany anafalitsa za kacipangizo ka magalasi koyanganila mkati mwa diso la munthu wamoyo. Kumbuyo kwa diso ni amodzi mwa malo ocepa m'thupi kumene dokotala angaone mitsempha ya magazi ili pa nchito popanda kung'amba munthu. Mu 1853 Ernst Coccius anaona kuti mtsempha wotulutsa magazi mu retina umagunda wokha, kuphwa na kudzala motsatila mtima. Ku Berlin, dokotala wacinyamata Albrecht von Graefe anayangana maso a glaucoma na kuona zinthu ziwili. Pamene mtsempha woonela umalowela m'diso panali polowa mkati monga kambale. Ndipo diso likalimba kwambili, mtsempha wobweletsa magazi nawo unali kugunda moonekela, cizindikilo cakuti magazi akulowa movutikila. Mu 1857 analengeza opaleshoni yodula kacidutswa ka mbali yakuda ya diso kuti madzi apeze njila, ndipo inapulumutsa anthu ambili odwala glaucoma ya mwadzidzidzi, ija yobaba. M'caka cimeneco analembanso za odwala ena amene mtsempha wawo unali wolowa mkati koma diso lili lofewa bwino-bwino. Anzake ambili sanavomeleze. Kwa iwo, popanda kulimba kwa diso panalibe glaucoma.

Mu 1858 mkangano unagawika pawili. Heinrich Müller anati pulesha ya madzi imafinya timawaya mwacindunji mpaka kutipha. Eduard Jaeger wa ku Vienna anati vuto liyambila ku mitsempha ya magazi, ndipo mtsempha woonela umafa na njala. Wina anali kuloza phazi loponda hosipaipi, wina injini yofooka. Panthawiyo panalibe cipangizo codalilika copimila iliyonse mwa mapulesha awiliwa m'diso.

Mankhwala oyamba ocepetsa pulesha ya diso anacokela kuno ku Africa, ndipo nkhani yake ikumbutsa za mwavi wa makolo athu. Ku Calabar, m'dziko la Nigeria, anthu a mtundu wa Efik anali na nyemba yapoizoni yochedwa esere, imene anali kumwetsa munthu woganizilidwa ufiti. Akasanza, ndiye kuti alibe mlandu. Akafa, anali mfiti. Amishonale a ku Scotland anatumiza nyembazi ku Edinburgh. Kumeneko Robert Christison anadyako kacidutswa mu 1855 kuti aone mphamvu yake, ndipo anadwala kwambili. Patapita zaka zocepa Thomas Fraser anapeza kuti madzi a nyembayi akadonthezedwa m'diso, mwana wa diso amacepa. Mu 1876 Ludwig Laqueur wa ku Strasbourg, amene iye mwini anali na glaucoma, anaonetsa kuti mankhwala ocokela ku nyembayi amatsitsa pulesha ya diso. Poizoni yoweluzila milandu ya ufiti inasanduka madontho oteteza maso.

Caka ca 1905 cionetsa bwino mtunda umene unalipo pakati pa ife na zonsezi. Ku Norway, Hjalmar Schiøtz anapanga kasikelo kacitsulo koika pa diso, kamene kwa nthawi yoyamba kanalola dokotala wamba kupima pulesha ya diso na nambala. Kanali kocipa, kosafuna malaiti, ndipo m'zipatala zina kakali kugwila nchito mpaka lelo. M'caka comweco wansembe wa Jesuit, Jules Torrend, anayamba mishoni ya Kasisi m'dziko la Asoli, m'dela limene lelo ni boma la Chongwe. Ndipo ku Magwero, pafupi na Chipata, Issie Hofmeyr wa mishoni ya Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa ana osaona, sukulu yoyamba ya mtundu umenewu m'dziko lino. Nchito ya ku Magwero inali yabwino, koma onani kusiyana kwake. Kuno cinafika coyamba ni thandizo kwa amene maso anatha kale, pamene ku Ulaya anali atayamba kugwila matendawa maso akali kuona. Pofika pa ufulu mu 1964, Zambia inali na anthu pafupifupi 100 cabe omaliza yunivesite, ndipo sukulu yophunzitsa madokotala ku UNZA inatsegulidwa mu 1966.

Pulesha ya magazi a m'diso nayo inapeza copimila cake. Mu 1917 Paul Bailliart wa ku France anapanga kandodo kokhala na sipuling'i kodinila diso pambali uku dokotala akuyangana mkati. Akadina mpaka mtsempha wobweletsa magazi wayamba kugunda, ndiye kuti wafika pa nambala yapansi ya BP ya mu retina. Akapitiliza mpaka magazi aleka kuyenda, wafika pa nambala yapamwamba. Koma njilayi inali yovuta, ndipo zotsatila zinali kusiyana malinga na dzanja la wopima. Kupima madzi kunali kosavuta, maka-maka Hans Goldmann wa ku Bern atapanga cipangizo cabwino koposa m'zaka za m'ma 1950. Nambala ya 21 imene mumamva ku cipatala inacokela m'nyengo imeneyo, pamene ofufuza ku Germany anapima anthu masauzande ambili na kupeza kuti ocepa cabe ndiwo amapitilila pamenepo. Inali nambala ya masamu, osati malile a pakati pa wodwala na wosadwala, koma ambili anaitenga monga lamulo. Mu 1968 John Cairns wa ku Cambridge anafalitsa opaleshoni yotsegulila madzi njila yatsopano, imene madokotala akali kucita mpaka pano. Mu 1978 kunabwela madontho a timolol. Zinaoneka monga a gulu la Müller apambana.

Koma odwala a maso ofewa amene von Graefe anaona sanaleke kubwela ku zipatala. Sohan Singh Hayreh, dokotala wobadwila ku Punjab amene anagwila nchito zaka zambili ku Iowa, anaonetsa kuti mutu wa mtsempha woonela umadyetsedwa maka-maka na timitsempha tating'ono tolowela kumbuyo kwa diso. Mu 1994 anafalitsa zimene anapeza atapima BP ya odwala usana na usiku wonse. Kwa anthu ambili BP imatsikako akagona. Koma pakati pa odwala BP amene anali pa mapilisi, aja amene BP yawo inali kutsika kwambili usiku ndiwo anali kupezeka kawili-kawili kuti maso akupitiliza kuonongeka. Uku ni kuja kwa nyumba ya pamtunda imene pompi yake imauma pulesha ikatsika.

Umboni wina unacokela kwa anthu akuda a kutsidya kwa nyanja. Kafukufuku wa ku Baltimore, ku America, wofalitsidwa mu 1991, anapeza kuti glaucoma inali yofala maulendo 4 kapena 5 mwa anthu akuda kuposa azungu, ndipo inali kuyamba pa msinkhu wocepelako. Anapezanso kuti pafupifupi theka la odwala anali na pulesha ya diso yosapitilila 21 pa kupima koyamba. Mu 1995 gulu lomwelo linacotsa pulesha ya diso pa nambala yapansi ya BP kuti lione mphamvu yeniyeni imene magazi amalowa nayo m'diso. Amene nambala yawo inatsala pansi pa 30 anali na glaucoma maulendo 6 kuposa amene inali pamwamba. Pa cisumbu ca Barbados, kafukufuku amene anayamba mu 1988 motsogoleledwa na Cristina Leske anapeza glaucoma mwa anthu akuda pafupifupi 7 pa 100 alionse a zaka 40 mpaka 84. Atawatsatila kwa zaka 9, amene magazi awo anali kulowa m'diso na mphamvu yocepa anadwala kuwilikiza kawili kapena kuposa.

Kenako ofufuza anabwelela ku kugunda kwa mtsempha wotulutsa magazi, kuja kumene Coccius anaona mu 1853. William Morgan na anzake ku Perth, ku Australia, analengeza mu 2004 kuti kugunda kumeneku kunaoneka mwa anthu 98 pa 100 a maso abwino, koma mwa 54 cabe pa 100 a glaucoma. Kuti mtsemphawo uyambe kugunda m'maso odwala, panafunika kudina diso na mphamvu yoculuka. Jost Jonas ku Germany anapezanso kuti pulesha ya mu mtsempha wotulutsa magazi imakhala yokwela mwa odwala glaucoma ambili. Tanthauzo lake n'lakuti magazi angavutike potuluka, osati polowa cabe, ndipo njila yotulukila ikapanikizika, olowa nawo amacepa. Akatswili akali kukangana ngati kupanikizika kumeneku ndiko kuyambitsa matendawa, kapena kumabwela mtsempha woonela utaonongeka kale.

Conco, ndani anali na zoona pakati pa Müller na Jaeger? Onse awili anagwila mbali yake. Mtsempha woonela uli pakati pa mapulesha awili, ndipo umavutika ina ikakwela kapena inzake ikatsika kwambili. Koma pa nkhani ya cithandizo, cimene catsimikizidwa bwino mpaka lelo ni cimodzi: kutsitsa pulesha ya madzi a m'diso. Kafukufuku wamkulu wa mu 1998 anaonetsa kuti ngakhale kwa odwala a maso ofewa, kuitsitsa na magawo 30 pa 100 kumacedwetsa kuonongeka. Palibe dokotala amene angakuuzeni kuti mukweze BP kuti muteteze maso. BP yokwela imabweletsa sitiroko, imaononga impso, ndipo pakapita zaka imaumitsa timitsempha tomwe tija todyetsa diso.

Kuno ku Africa manambala ni olemela. Ku Kongwa, m'dziko la Tanzania, kafukufuku wofalitsidwa mu 2000 anapeza glaucoma mwa anthu pafupifupi 4 pa 100 a zaka 40 kupita m'mwamba. Ku Tema, ku Ghana, anapeza pafupifupi 7 pa 100. Ku Nigeria, kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2005 mpaka 2007 anapeza 5 pa 100, ndipo mwa odwalawo mmodzi cabe pa 20 ndiye anali kudziwa kuti ali na matendawa, pamene mmodzi pa 5 anali atacita kale khungu. Koma uthenga wabwino nawo ukucokela pafupi. Ku cipatala ca KCMC ku Moshi, madokotala anayelekezela madontho a timolol na cithandizo ca laser cotsegula kasefa kaja. Zotsatila za mu 2021 zinaonetsa kuti patapita caka, laser inagwila nchito pa maso 61 pa 100, madontho pa maso 31. Kwa mlimi amene sangakwanitse kugula botolo mwezi uliwonse, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Tibwelele ku Chongwe. Pa nkhani ya BP ya pa mkono tapita patsogolo ndithu. Kuyambila mu 2011, pulogilamu ya BHOMA inagwila nchito m'makiliniki 42 a m'maboma a Chongwe, Kafue na Luangwa, ndipo cimodzi mwa zimene inalimbikitsa cinali kupima BP ya wodwala wamkulu aliyense wofika pa kiliniki. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa 5 m'Zambia ali na BP yokwela. Lelo ambuya ambili kumudzi adziwa manambala awo pamtima. Koma lamba wa pa mkono sauza ciliconse za pulesha ya diso. Imeneyo imafuna cipangizo cake na munthu wophunzila za maso. Mwayi wa anthu a ku Chongwe ni wakuti tauni ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 cabe. Mungayambile ku cipatala ca boma ca Chongwe kuti akuuzeni kopita. Pa msewu womwewo wa Great East pali cipatala ca Levy Mwanawasa, pafupi na Chainama kumene amaphunzitsa ma clinical officer na manesi a maso. Ku UTH kuli cipatala ca maso paokha, ndipo ku Makeni kuli Lusaka Eye Hospital ya a Seventh-day Adventist. Abale athu a kum'mawa ali na Mwami, pafupi na Chipata.

Apa ndiye pali nchito yathu ife acinyamata, cifukwa ndife timatumiza ndalama pa foni, ndife timadziwa basi yokwela, ndipo ndife tingakhale pa mzele na makolo. Ngati atate, amai kapena ambuya apitilila zaka 40 ndipo sanapimitsepo maso, apelekeni olo akambe kuti aona bwino. Amalume anali kuwelenga mameseji pa foni popanda vuto mpaka tsiku la ngolo lija, cifukwa pakati ndiye pamathela kuonongeka. Kuwelenga zilembo pa cipupa sikokwanila. Pemphani kuti apime pulesha ya diso, ayangane mtsempha woonela kumbuyo, ndipo ngati pali cokayikitsa apime mmene munthu aonela m'mbali. Ngati m'banja muli kale wodwala glaucoma, musayembekezele zaka 40. Kafukufuku wa ku Rotterdam wa mu 1998 anapeza kuti ana na abale a mimba imodzi a wodwala ali pa ngozi yoculuka pafupifupi maulendo 10.

Popita, nyamulani mapilisi onse a BP na kabuku ka ku kiliniki. Dokotala wa maso afunika kudziwa zimene wodwala akumwa na nthawi imene amamwa, maka-maka ngati maso akupitiliza kuonongeka pamene pulesha ya diso ili pansi. Musasiye kapena kusintha nthawi ya mapilisi mwa inu nokha; lolani madokotala awiliwo agwilizane. Ngati wodwala ali na asima kapena mtima wogunda pang'ono-pang'ono, kambani asanalembe timolol, cifukwa madonthowa amalowa m'magazi. Ndipo cenjelani na madontho a steroid ogula popanda dokotala pofuna kuthetsa kunyeleza kwa maso. Kwa anthu ena amakweza pulesha ya diso mwakacetecete, ngakhale kwa ana.

Amalume njinga anasiya, tomato amapeleka ni mwana wawo. Amadontheza mankhwala m'diso lamanja tsiku lililonse, ndipo kampata kaja kakalipo: amaona nkhope za adzukulu, amawelenga ndalama zawo okha, ndipo ku Chakwela Makumbi amapita na womugwila paphewa. Funso lawo n'nawayankha tili pansi pa mtengo wa mango, na citsanzo ca hosipaipi. Anamvetsela mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye uwauze amai ako apite akapimitse. Tinabadwa mimba imodzi." Amai anapita mwezi wotsatila. Ine n'napita nawo, ndipo n'nakhala pa mpando womwewo iwo atanyamuka.